Foda Yomwe Sinkakula

Kompyuta ya mayi wotayipa makalata inayamba kudandaula kuti yadzaza, chonsecho iye sanaikemo kanthu kachilendo. Anafufuta zithunzi zakale, anafufuta ntchito za makasitomala, koma malo ankangotha ngati shuga m'nyumba ya ana ambiri. Chomupsetsa mtima n'chakuti akayang'ana kukula kwa mafoda, manambala onse anali akale omwe aja. Wakuba malowo sankaoneka.

Panali foda imodzi yomwe sankaitsegula. Inali yogawana pa intaneti ndi mng'ono wake, yemwe anakwatiwa kutali. Kale ankaponyeranamo zithunzi ndi mawu ojambula, mpaka tsiku lomwe anayambana pa maliro a mayi awo. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma mayiyu anali wouma mutu: anatseka nambala ya foni ya mng'ono wakeyo, ndi ya mlamu wake yomwe. Komabe madzulo alionse, asanalowe m'kachipinda kakuseri kwa shopu komwe ankagona yekha, ankasuzumira nambala ya kukula kwa fodayo. Ikanakula, akanadziwa kuti mwana uja wapepesa. Sinkakula, ndipo zinkamuwawa kwambiri.

Kenaka kompyutayo inayamba kudzuka yokha usiku. Ali chigonere mumdima, ankamva kafani kake kakuyamba kuzungulira pang'onopang'ono, ngati munthu wopuma movutikira, kuwala kwabuluu kukukwawa pansi pa chitseko. Akadzuka kuti akaone, ankapeza sikirini itazima kale, mpando uli pomwe anausiya. Usiku wotsatira, chimodzimodzi. Telala woyandikana naye anamunong'oneza kuti nayenso amamva kubuula kuseri kwa khoma, ndipo mphekesera inafala mumsewu monse yoti m'makinawo mwalowa chinthu.

Wokonza makompyuta atabwera, anangoseka.

"Mayi, manambalawa musamawakhulupirire. Makina anuwa ndi aulesi, sawerenganso foda mpaka mutaitsegula. Yogawanayi munaitsegula liti?"

"Mulibe kanthu m'menemo."

"Aa, mulibe? Ndi imeneyi yakudyerani malo. Usiku intaneti ikapepuka, imakoka zomwe wina akutumiza."

Mayiyo anadikira kuti bamboyo apite. Atadina fodayo, nambala ija inalumpha, mafayilo a mawu n'kundandalika mpaka pansi pa sikirini. Anatsegula yoyamba.

"Achemwali, ndine. Foni yanu ikundikana, ndiye ndizilankhulira muno. Andigoneka m'chipatala."

Anatsegula ina.

"Ndaona simunayankhe. Palibe kanthu, mwina ntchito yachuluka. Ndimangofuna ndimveko mawu anu, ngakhale ondikalipira."

Mawuwo ankamka nachepa mphamvu. M'mafayilo omalizira munkangomveka kupuma, ndi nsapato za anamwino zikudutsa chapatali. Miyezi yonseyi mwana uja ankamuitana, iye ali kalikiliki kukwiyira nambala yabodza. Anatsegula nambala ya mlamu wake n'kuimba.

"Alamu, mwachedwa," anatero mwamunayo motsitsa mawu. "Tinaika mwezi watha. Tinakusakani, koma foni yanu osalowa."

Mayiyo asanayankhe, kafani kaja kanayamba kuzungulira. Pansi pa mafayilo onse panatulukira ina yatsopano, ya deti la tsiku lomwelo.

"Alamu," ananong'ona, "laputopu yake akugwiritsa ntchito ndani?"

"Palibe. Ili m'katoni pansi pa bedi, ndipo siyakanso. Bwanji?"

Mayiyo anadula foni. Kunja kunali kutada, telala atakhoma kale, msewu wonse uli zii. Chitseko chothawira chinali pafupi. Koma panali patapita nthawi yaitali wopanda womutchula kuti achemwali. Anakokera mpando pafupi, n'kukweza sipika.

"Lankhula, mwanawe," anatero. "Ndikumva tsopano."

Ndipo anadina.