Chombo Chosatembenuka

Lotfi ananyamuka mochedwa ku Sfax, ndipo cholakwa chinali chake. Uthenga woti mkazi wake Rafika nthawi yake yobereka yakwana unamupeza dzuwa likanalipo, koma iye anati ayambe wamaliza kuwotcherera geti la eni ake. Amuna ndi choncho. Pofika padoko anapeza chombo chomaliza chopita kwawo ku chilumba cha Kerkennah chikumeza galimoto zotsiriza. Analowa chothamanga, chitseko chachitsulo cha chombocho n'kukwera kumbuyo kwake.

Chombo chimenechi chilibe mutu, chilibe mchira. Uku khomo, ukonso khomo. Galimoto zimalowera kuno n'kukatulukira uko, ndipo pobwerera sichitembenuka ayi.

Kunkazizira. Anthu onse anakwera m'chipinda chapamwamba kukamwa tiyi. Lotfi mtima unali kwa Rafika, mpando sunamukhalike, choncho anatsikira pansi n'kumayendayenda pakati pa galimoto. Pafupi ndi khomo limene analowera anapeza nkhalamba yovala mkanjo waubweya ndi kachipewa kofiira, itakhala pambali pa dengu la kanjedza.

"Mtendere ukhale nanu, a Haji."

"Ndiwe mwana wa yani?"

"Wa Slimane, wa ku Mellita."

"Slimane wamakutu uja? Akubabe nsomba m'mipanda ya anzake?"

Lotfi anaseka. "Bambo anatisiya kalekale, a Haji."

"Bodza. Ndamuona dzulo lomweli."

Okalamba amasokoneza masiku, ndipo munthu sutsutsana nawo. Lotfi anangoima pomwepo, nkhalambayo maso ali kumene achokera.

Patapita nthawi injini inatsitsa mawu. Magetsi a doko la Sidi Youssef anaoneka kutsogolo. Madalaivala anatsika, galimoto zinalira, anthu onse n'kukhamukira ku khomo la uko. Nkhalamba ija inadzuka, n'kuloza dengu ndi chibwano.

Pachilumbapo mnyamata saonerera waimvi akusenza katundu. Ngakhale ukhale pa changu chotani, umanyamula n'kumuperekeza mpaka atatsika. Lotfi ananyamula. Dengulo linali lolemera, lonyowa, likununkha ndere.

"Kotsikira ndi uku, a Haji."

"Iwe! Pamene walowera mpamene umatulukira. Kwanu mumatulukira pazenera?"

Inauyamba ulendo wolowera kumdima. Lotfi anatsatira, akuganiza kuti aibweza ndi mawu abwino. Koma mawuwo sanatuluke. Phokoso la galimoto linatalikira. Miyendo inkangopita yokha...

Pambali pa chitseko chachikulucho pali kampata ka omanga zingwe, kotseka ndi tcheni. Nkhalambayo inakoleza chala, tcheni n'kugwa. Osalira n'komwe.

Ndipo doko linali pomwepo! Makwerero amiyala. Nyali yamafuta pamtengo. Ngolo ya bulu ikudikira.

Doko la Sidi Youssef lilibe nyali yamafuta. Lotfi ankadziwa zimenezo. Ankadziwa bwino.

"Tiye, mwanawe. Akutidikira."

Inaponda panja. Sinagwe.

Lotfi anatukula phazi...

Gwi! Dzanja linamugwira kolala n'kumugwetsera chagada pachitsulo. Makwerero palibe. Nyali palibe. Pansi pa kampatako madzi akuda anali kuwira ndi mphamvu ya injini. M'manja mwake munalibe dengu, munali ndere zokhazokha, zozizira ngati nsomba.

Womugwirayo anali Ammar, womanga zingwe, bambo wamimba yake amene wakalambira pa zombo za njira imeneyi. Anakoleka tcheni mosafulumira.

"Wawanyamulira dengu, eti?"

"Agwera m'madzi! Imitsani chombo!"

"Khala pansi, chitsiru iwe. Anagwa kale, iwe usanamere ndevu." Ammar anapukuta manja pamalaya. "Amenewo ndi a Haji Mabrouk a ku Ouled Kacem. Moyo wawo wonse anakwera chombo chakale chija, chotembenuka chikafika, chimene unkatsikira pomwe wakwerera. Sabata imene chinabwera chino, tinawauza kuti kotsikira ndi kwinaku. Anatitukwana, akuti ana a dzulo. Anabwera pano mumdima ndi dengu lawo, n'kumasula tcheni. Mtembo sitinaupeze."

Kutsogolo chitseko chinagunda padoko, galimoto n'kuyamba kutuluka.

"Nyamuka, uzipita," anatero Ammar. "Ndiwe amene mayi Zohra, azamba, akhala akumufunsa pamwambapa? Akuti mkazi wako akudikira iwo, osati iwe, koma galimoto alibe. Kawapezere."

Lotfi anayenda pang'ono, n'kucheuka.

"Nanga bwanji osawauza a Hajiwo kuti khomo ndi linalo? Mwina angatsike, akapume."

Ammar anayamba kukulunga chingwe chake.

"Timawauza ulendo uliwonse. Amati anayamba kuwoloka nyanja ino ife tisanabadwe."