Njinga Imene Sinatsike

Mwala umodzi unayamba kutsala m'chitini nyengo ya nkhungu itangoyamba.

Munthu wa pageti, amene anthu ankangomutchula kuti Mpiringidzo, anali atakhalitsa pantchitoyo. Msewu umene ankalondera unali wa phula, wopapatiza, wokwera mokhotakhota m'nkhalango mpaka kukathera pansi pa matanthwe a phiri. Kale munkadutsa malole a matabwa. Atasiya kucheka mitengo anautseka ndi chitsulo chopingasa, galimoto osaloledwanso, ndipo unasanduka msewu wa opalasa njinga. Ankachokera kutali kudzaufuna chifukwa cha bata lake, poti m'menemo munthu ankangomva mpweya wake, matayala pa phula ndi madzi m'zigwembe. Msewuwo unalibe potulukira pena. Aliyense wokwera ankayenera kutsikira pageti pomwepo.

Mpiringidzo sukulu sanapite nayo patali, choncho anali ndi kawerengedwe kakekake. Njinga ikakwera ankaponya mwala m'chitini cha penti, ikatsika ankauchotsa. Chitini chikakhala chopanda kanthu ankakhoma loko n'kumapita kwawo. Koma mwala ukatsala dzuwa litalowa, lamulo linali lakuti aimbire oyang'anira nkhalango, anthu akwere ndi matochi kukasaka.

Lolemba limenelo anakwera anthu asanu ndi anayi, n'kutsikanso asanu ndi anayi, iye akuwaona ndi maso ake. Atapendeketsa chitini, munalira kanthu. Anautaya pa udzu mwalawo. Lachiwiri zinachitikanso. Lachitatu anatsuka chitinicho, n'kusankha miyala yoyera yokhayokha kuti asasokonezeke. Madzulo yoyera yonse inali pathebulo, koma m'chitini munatsala wakuda, wonyowa, wozizira ngati wangovuulidwa mumtsinje.

Anauza mlamu wake, mlonda wa nkhalango amene ankagona m'kanyumba ka matabwa pafupi ndi getilo.

"Alamu, kuwerenga mpaka teni kwayamba kukuvutani?" anaseka mlamuyo. "Achemwali anga amandiuza kuti magalasi mumakana, eti ndi a nkhalamba. Mawa mudzawerengera ndi anyani omwe."

"Anyani saponya miyala m'chitini."

"Ndiye ndinu nomwe. Mukumawodzera dzanja lili m'menemo."

Mpiringidzo anaseka nawo. Koma iye ankadziwa tsiku limene mwala unatsala zoona, ndipo nkhaniyo sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake.

Zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo kunali mphunzitsi wa sukulu ya kumunsi, munthu wamtali, wofatsa, wokonda kukwera yekha akaweruka. Njinga yake inali ndi sipoko imodzi yopindika imene inkagunda chitsulo gudumu likamazungulira, n'kumalira kuti tche, tche, tche, moti Mpiringidzo ankawadziwa Aphunzitsi asanawaone. Tsiku lina anakwera madzulo nkhungu ikutsika, ndipo dzuwa linalowa mwala wawo uli m'chitini. Tsikulo Mpiringidzo anali atachoka pageti maola awiri kukamwa mowa, mlandu wochotsetsa ntchito. Atabwerera anadziuza kuti munthuyo wadutsa iye kulibe. Tisanamizire mowa, mutu wake unkagwira bwinobwino. Chinamuopsa n'chakuti akaimba foni adzamufunsa kumene anali, fungo lili m'kamwa. Anataya mwalawo n'kukhoma loko.

Usiku womwewo anagogoda pakhomo pake mkazi wa Aphunzitsi, mayi wosoka zovala, atanyamula khanda.

"Pepani bambo, amuna anga atsika?"

"Atsika, mayi. Onse atsika. Ndawaona akulowera njira ya kutauni."

Za kutaunizo palibe anamufunsa. Anangowonjezera kuti bodza liime. M'mawa mwake anakwera yekha wapansi, ndipo pakona yakumtunda, pamene msewu umakhota m'mphepete mwa phompho, anapeza mzere wakuda wa tayala wolunjika kuthengo ndi nthambi zothyoka. Anaitana kamodzi, motsitsa mawu. Pansi penipeni panamveka kanthu. Anadziuza kuti ndi madzi, n'kuwaza dothi pamzerewo, n'kutsika.

Apolisi anasaka kutauni ndi m'madepoti a basi. Kuphiri sanapondeko, poti wa pageti anali atanena. Mwezi usanathe mphekesera inamera miyendo. Ena ankati Aphunzitsi anathawa ndi mphunzitsi mnzawo wamkazi amene anasamuka chaka chomwecho, ena ankati anawaona kunja kwa dziko atanenepa. Mayi wosoka uja anatsitsa chithunzi chawo pakhoma. Mwana anakula akumva kuti bambo ake anali munthu wothawa banja.

Lachinayi la sabata ya miyala ija Mpiringidzo sanapite kwawo. Ananamizira mutu n'kugona pabenchi m'kanyumba ka mlamu wake. Nkhungu inatsika mpaka kukwirira geti, nyali ya panja n'kusanduka kadontho kachikasu. Usiku wa kuphiri sukhala zii. Mitengo imakhulana nthambi, achule amalira m'ngalande, malata amadontha mame. Koma cha pakati pa usiku zonsezo zinaleka pamodzi ngati wina watseka chitseko. Ndiyeno kutali kumtunda kunamveka tche. Patapita kanthawi, tche. Sinali liwiro la munthu wokwera. Umo ndi mmene imalirira njinga munthu akamaikankha, akuyenda movutika. Inalira nthawi yaitali n'kuleka, achule n'kuyambiranso.

"Alamu," ananong'ona Mpiringidzo, "mwamva?"

"Ndi mbalame," anayankha mlamuyo ali m'bulangeti mpaka kumutu.

Lachisanu usiku njinga ija inayambira pamene inalekera, n'kudzaima pamlatho, mtunda woti munthu akakhosomola pageti amamveka. Loweruka opalasa anatsika ndi nkhani. Wina anati m'mamawa anapeza mzere wonyowa wa matayala pa phula louma, pambali pake pali mapazi, lina loponda, lina lokwekwereza. Wina anati pamlathopo pankanunkha dzimbiri ndi masamba owola, ndipo anzake anamuseka, koma palibe anafuna kutsalira kumbuyo.

Madzulo amenewo mlamu uja nthabwala zinali zitamuthera. Anathira tiyi m'makapu awiri, wake osamumwa.

"Alamu, chinthu chija chikutsika. Dzana chinali kumtunda, dzulo pamlatho. Ine ndagona m'nkhalango muno zaka zonsezi, akambuku ndawamva, koma izi ayi. Ana anga ndi aang'ono. Ngati mukudziwa chimene chikufuna, musandigonetse nacho."

Mpiringidzo anamwa tiyi wake n'kukagona pabenchi.

Usiku umenewo achule analeka msanga. Tche, tche, tche, kudutsa mlatho, kudutsa chikwangwani, phazi limodzi likukhula phula. Mpiringidzo anagwada n'kusuzumira pampata wa matabwa. Panalibe kanthu koma nkhungu ndi chitsulo chopingasa chija. Kulirako kunafika pachitsulopo n'kuima. Kenako tcheni ya loko inagwedezeka kamodzi, pang'ono chabe, monga amachitira munthu waulemu poyesa chitseko cha eni ake. Pansi pa chitsulocho panali mpata waukulu, anyamata ankadutsitsapo njinga tsiku lililonse. Aphunzitsi okha ndi amene sankatero. Ankaima n'kudikira kuti wa pageti awatsegulire, ngakhale mvula ikugwa. Mpiringidzo ankazidziwa zimenezi tsiku lija ankataya mwala, ndipo anali akuzidziwa zaka zonsezo. Chinthucho chinadikira pageti mpaka mbandakucha.

Kutacha Mpiringidzo anatsikira kumunsi osasamba kumaso. Anawapeza mayi aja pakhonde akupalasa makina osokera, imvi zitayamba m'mbali mwa duku.

"Mwadzuka bwanji, bambo a pageti? Thalauza lang'ambika?"

Sanakhale pampando umene anamulozera. Anakhala pansi pa simenti.

"Mayi, ndinakunamizani. Sanatsike."

Makina anaima. "Ndani?"

"Aphunzitsi. Tsiku lija sanatsike."

Anafotokoza zonse, za mowa, za mwala, za mzere wa tayala ndi dothi limene anawaza, mpaka za usiku utatu wapitawo. Mayiwo sanamudule. Dzanja lawo linali pa nsalu, singano ili m'kati.

"Mutaitana paphompho paja, munamva mawu?"

"Sindikudziwa, mayi. Mwina anali madzi."

"Mukudziwa."

"Ndinamva."

Kuseri kwa nyumba wina ankatsuka mbale.

"Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikutukwana munthu ali m'phompho," anatero mayiwo motsitsa. "Mwana wanga akafunsidwa za bambo ake amati alibe. Ndinamuphunzitsa ndine." Anadula ulusi ndi mano. "Apolisi mukawauza mawa, ndi pakamwa panu pomwepo. Mwanayo mudzamuuzanso nokha. Lero mundidikire pageti."

Mayi aja anafika chisisira chitagwa, ali okha, atapinda jekete la chimuna pamkono. Mlamu uja anawapatsa mpando n'kulowa m'kanyumba, chitseko n'kukhoma. Mayiwo anakhala kuyang'ana kumtunda, Mpiringidzo ataima chapatali ndi kiyi m'manja. Nkhungu inabwera, nyali inachepa, achule analira n'kuleka.

Ulendo uno njinga ija sinachokere kutali. Inayambira pafupi pomwepo, ngati munthu amene anangopatuka kudikira kuti kude. Tche. Tche. Mayiwo anapumira m'mwamba, poti sipoko imeneyo ankaimva pakhomo pawo madzulo alionse. Kulirako kutaima pachitsulo, anaimirira n'kukonza duku.

"Bambo a mwana, ndinu?" Mawu awo ananjenjemera kamodzi n'kulimba. "Ndinamva zabodza ndipo ndinazikhulupirira. Chithunzi chanu sindinataye, chili m'sutikesi. Kuno kwazizira. Tiyeni kunyumba."

Ndiyeno, osamuyang'ana n'komwe wa pagetiyo, anati, "Tsegulani."

Kiyi inamugwa kawiri. Loko itamasuka anakweza chitsulocho ndi manja onse awiri. Sanaone kanthu. Anangomva kuzizira kukudutsa pafupi ndi chifuwa chake, ndi fungo la dzimbiri ndi dothi lonyowa. Anafuna kunena kuti pepani, koma kuzizirako sikunaime kumudikira.

Mayiwo anatembenuka n'kuyamba kutsika. Ankayenda m'mphepete mwenimweni mwa phula, atasiya malo kudzanja lawo lamanja, pang'onopang'ono monga amayendera munthu poperekeza wopweteka mwendo. Pambali pawo njinga inkalira tche, tche, mpaka nkhungu inawameza, kulirako n'kumachepa kulowera kumunsi.

Mpiringidzo anakhalabe chiimire, chitsulo chili m'mwamba, mikono ikuwawa. Palibe anamuuza kuti atsitse.