Anatuluka Eda Isanathe

Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti eda ya Shamima ithe pamene anazindikira kuti apongozi ake sankalondera mwambo, ankalondera iyeyo.

Mwamuna wake, Jaffalie, anamwalira atadwala masiku atatu okha. Monga mwa chipembedzo chawo, Shamima anayenera kukhala eda: miyezi inayi ndi masiku khumi ali pakhomo, atavala nsalu yoyera, osapita kumsika kapena kumunda, osaonana ndi amuna achilendo. Iye sanadandaule, poti Jaffalie anali mwamuna woyenera kumulira. Chomwe chinkamulemera chinali apongozi ake, Abiti Sumani, amene anasamukira pakhonde pake ndi mkeka wawo maliro atangotha. Ankati abwera kudzamutonthoza, koma wofuna kulowa ankayamba wayankha mafunso ngati pachipata cha hotela. Ngakhale foni anamulanda, ati mkazi wa pa eda samva mawu a amuna.

Nyumbayo inali m'munsi mwa phiri la Namalowe, kuseri kwa Nkopola. Kumtunda kwake kunali munda umene Jaffalie anatsegula ndi manja ake, n'kubzalamo mango ndi nsangu. Ankakonda kunena kuti mundawo ndi wa Zena ndi mng'ono wake, ana awo awiri aakazi. Koma m'mbali mwa nyanja malo anali atatha kalekale, kuli mipanda ya mahotela yokhayokha, ndiye anthu a ndalama anatembenukira kuphiri. Kampani ina ya ku Blantyre inkafuna mtunda wonsewo kuti iduledule mapuloti a nyumba za alendo, zoti munthu azimwa tiyi akuona nyanja.

Jaffalie ndi anzake anakhazikitsa komiti. Sankakana chitukuko, ntchito ndani angaikane? Ankangoti pulani iyambe: pomanga padziwike, posamanga padziwike, ndipo mitengo ya pamtsetse isadulidwe, chifukwa mvula ikakwiya madzi amatsika ndi miyala n'kulowa m'nyumba za anthu. Shamima ndiye anali mlembi. Mapu amene anthu a m'mudzi anajambula, pamodzi ndi mayina a onse ogwirizana nawo, anali m'pepala la pulasitiki pansi pa matiresi ake.

Lachiwiri limenelo, apongozi atazungulira kuseri kukasamba, Shamima anamva kugogoda pawindo. Anali Keti, mnzake wa mukomiti, mayi wachikhristu wogulitsa usipa wouma. Anali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Katatu konse ndabwezedwa pakhonde pakopa," anatero Keti monong'ona. "Msonkhano uja ndi wa lero. Akuluakulu oona za malo afika kale kusukulu."

"Lero? Alamu anandiuza kuti ndi mwezi wamawa, ine nditatuluka."

"Alamu akowo ndi amene anakapempha kuti tsiku lifupikitsidwe. Akuuza anthu kuti banja la malemu lavomera kugulitsa, ndiponso kuti iweyo wasiya ulembi. Anthu afooka, mnzanga. Munda wanu ndiwo uli pakati. Ukapita umenewo, enafe tilibe poimira."

"Tenga mapuwa ukawaonetse."

"Mapu sayankhula, Shamima. Adzati ndaba. Akufuna kumva mwini munda."

Keti anachoka msanga atamva chitseko cha bafa. Shamima anakhala pabedi. Mlamu wake wamkulu, Che Nasir, ankabwera Lachisanu lililonse, n'kuima kutali ndi khomo mwaulemu, n'kufuula kuti, "Alamu, khalani ndi mtima, zonse zakunja tikuona ife." Analidi kuziona. Tangoonani, munthu amene chaka chatha ankabwereka njinga yakapalasa, tsopano ankayenda pa njinga yamoto yonyezimira, atavala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo.

Apongozi atabwerera pamkeka wawo, anapeza Shamima ataima pakhomo, pepala la pulasitiki lili m'manja.

"Amayi, msonkhano wa malo uliko liti?"

Abiti Sumani sanakweze maso. Anayamba kukonza mpango wawo, womwe unali bwinobwino.

"Za misonkhano zikukukhudza bwanji iwe? Lowa, dzuwa lisakuone."

"Ndafunsa kuti uliko liti, amayi."

"Ndi za amuna zimenezo."

"Ndiye kuti mukudziwa." Shamima anasendera pafupi nawo. "Miyezi inayi mwagona pakhonde panga. Ndimati mukundilirira. Ndimauza ana anga kuti onani agogo anu mmene amatikondera. Kani mumangodikira kuti Che Nasir amalize kugulitsa munda wa adzukulu anu?"

"Tseka pakamwa!" Apongoziwo anadzuka, ndipo misozi inali kale m'maso mwawo. "Jaffalie ndinabereka ine. Nasir ndinaberekanso ine. Mmodzi wapita, wandisiyira chiyani? Mapepala ndi mitengo! Amene watsalayu akufuna andimangire nyumba ya malata ndisanafe. Ndalakwa? Iwe ndiwe wobwera. Eda ikatha udzakwatiwanso, munda wa mwana wanga udzalimidwa ndi mwamuna wina."

"Ana anga si obwera."

"Ana aakazi nawonso adzapita."

Mawu amenewo anamupweteka Shamima kuposa tsiku la maliro. Anakoka nsalu yake yoyera n'kuphimba mutu bwinobwino, kenaka anatsika sitepe ya khonde. Apongozi anamugwira mkono.

"Ukaponda kunja kwa mpandawu, wamuvula mwana wanga m'manda! Haramu, Shamima! Masiku asanu ndi anayi okha akukukanika?"

"Akundikanika chifukwa inu munawawerenga bwino, amayi. Munadziwa kuti akamatha, munda udzakhala utapita."

Anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kutuluka. Kumbuyo kwake apongozi anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira mokweza, kuitana dzina la Jaffalie kuti aone zimene mkazi wake akuchita.

Ulendo wa kusukulu unali waufupi, koma tsiku limenelo unatalika. Amayi a pamjigo anasiya kupopa madzi. Bambo wina wokalamba anatembenukira kutchire kuti asamuone. Shamima ankalira akuyenda, ndipo sankadziwa ngati akulira manyazi kapena mkwiyo. Mumtima ankangopempha Mulungu kuti amukhululukire, ndi Jaffalie kuti amumvetse.

Msonkhano unali pansi pa mtengo wa pabwalo la sukulu. Kutsogolo kunali tebulo, pali akuluakulu awiri ochokera ku Boma ndi bwana wa kampani uja atavala shati yosita bwino. Che Nasir anali chiimire, magalasi ali pamphumi, akufotokoza mokoma kuti malemu mng'ono wake anasintha maganizo asanamwalire. Ataona nsalu yoyera ikubwera, mawu anamuthawa pakati pa chiganizo.

Amuna ambiri anazolika. Keti yekha ndiye anadzuka n'kukaima pambali pa mnzakeyo.

"Alamu!" Che Nasir anafuula. "Mwapenga? Bwererani kunyumba! Akuluakulu, mayiyu ali pa eda, saloledwa kuyankhula pano. Mutu wake sunakhazikike."

Mmodzi wa akuluakulu aja, mayi wa magalasi, anafunsa modekha, "Ndinu mkazi wa malemu?"

"Ndine, mayi. Ndinenso mlembi wa komiti, ndipo sindinasiye." Shamima anayala mapu patebulo. "Ndatuluka nthawi isanakwane, ndipo zimenezo ndikayankha kwa Mulungu. Koma amuna anga sanasinthe maganizo. Ine sindinavomere chilichonse. Palibe anandifunsa."

Anayamba kuloza ndi chala. Apa, pachidikha pafupi ndi msewu, amange, atilembe ntchito, tidzathokoza. Apa pamtsetse ayi, chifukwa pansi pake pali nyumba zathu ndi sukulu ino. Njira iyi ndi yopita kokatunga madzi, isatsekedwe ndi mpanda monga anatitsekera ku nyanja. Anawerenga mayina a amene anasaina, limodzilimodzi, ndipo aliyense akamva dzina lake ankayankha, ena mokweza, ena mwamanyazi chifukwa m'mawa womwewo anali atagonja kale.

"Ndi wamkazi uyu, munda si wake!" Che Nasir anakuwa. "Ine ndine mkulu wa banja!"

"Mkulu wa banja amadikira eda ithe kuti nkhani ya chuma cha malemu ikambidwe onse alipo," anatero bambo wina kumbuyo, mnzake wa Jaffalie wa kumzikiti. "Inu mwathamangira chiyani, Che Nasir?"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi wa ku Boma anatseka faelo yake. Ananena kuti palibe malo amene asinthe mwini mpaka pulani ya dera lonse itakambidwa ndi eni mudzi, ndiponso kuti munda wa malemu sungagulitsidwe popanda mkazi ndi ana ake. Bwana wa kampani anaimirira, n'kumuyang'ana Che Nasir nthawi yaitali, kenaka analowa m'galimoto. Patangopita masiku awiri, anthu anamuona Che Nasir akuyendanso wapansi, njinga yamoto ija kampani italanda, magalasi ali m'thumba.

Amayi a mukomiti anafuna kululutira, koma Shamima anawaletsa. Panalibe chosangalatsa. Anabwerera kunyumba, n'kupeza khonde lili mbee, mkeka wa apongozi palibe. Analowa, natseka chitseko, n'kumaliza masiku otsalawo ali yekha ndi ana ake. Ku banja la mwamuna wake sikunabwere munthu, ngakhale wodzapempha moto. Nkhani zokha ndi zimene zinkafika: ati anali ndi chibwenzi mukomiti, ati anathamangira kukadzionetsa kwa amuna, ati Jaffalie anafa ndi mtima chifukwa cha mkazi wosamva.

Tsiku lotuluka linafika. Mwa mwambo wa kumeneko, amayi a kuchimuna amabwera m'mawa kudzamusambitsa namfedwa, kumuveka nsalu yatsopano, n'kumutulutsa pakhomo ndi mapemphero. Shamima anasesa bwalo lonse, anayala mikeka, anawiritsa tiyi wokwana anthu ambiri. Dzuwa linakwera, tiyi anazizira, mikeka ili yokha.

Chakumasana anaona apongozi akubwera okha, akuyenda pang'onopang'ono, kanthu kali m'khwapa. Shamima anathamanga n'kukagwada pafupi ndi chipata.

"Amayi, mwabwera. Ndikhululukireni pamene ndinakulakwirani. Lowani, chonde."

Abiti Sumani sanalowe. Anaima kunja kwa mpanda, ataonda kuposa mmene analili masiku apitawo, maso atatupa. Anatulutsa chitenje chatsopano n'kuchiponya pansi, patsogolo pa mawondo a Shamima.

"Mwambo ndakwaniritsa, asadzanene kuti Abiti Sumani anamana mkazi wa mwana wake nsalu. Vala. Nasir sangathenso kuyenda pamsika, anthu akumuloza. Mwana mmodzi ndinaika m'manda, winayu wandiphera iwe ali moyo."

"Amayi, munda uja ndi wa adzukulu anu. Inunso muzidya za m'menemo. Nyumba ino ndi yanu."

"Munda wasunga, udye wekha." Mawu awo anasweka, koma anapitiriza. "Ndakuuza pamaso, dzuwa likuswa mtengo: tsiku limene ndidzafe, usadzandisambitse. Usadzakhudze thupi langa. Ndauza kale abale anga onse."

Anatembenuka n'kumapita, osacheuka. Shamima anawaitana kawiri. Anatola chitenjecho, nachikutumula fumbi, n'kuchikumbatira pachifuwa akulira ngati maliro ayambanso. Mayi amenewa ndi amene anamugwira dzanja pobereka Zena, ndipo ngakhale zinafika pamenepa, ankawakondabe. Chimenecho ndicho chinkawawa kwambiri.

Atatopa kulira anadzuka, anakatunga madzi, n'kudzisambitsa yekha. Anavala chitenje chija, anapinda mikeka yonse, kenaka anaitana ana ake.

"Tiyeni kumunda kwanu," anatero. "Tchire lakula, ndipo palibe amene abwere kudzatithandiza."