Belu la Temwani Silinalire

Usipa wonse wa pathandala loyanikapo nsomba unali utafewa n'kuyamba kununkha. Temwani anangoima ndi yunifolomu yake, kuyang'ana mayi ake akutembenuza kamodzikamodzi ngati pangapezeke kabwino. Usipawo ndi umene ankati akagulitse ku Salima, ndipo wina panalibe.

Belu analipanga yekha mtsikanayu, wa Fomu 3. Chidwalireni, mayi ake ankagona masana, ndipo mvula yowaza simveka padenga la udzu. Choncho anaika tizitsulo tiwiri tomva madzi, kena kumutu kwa thandala, kena kumapeto, n'kutilumikiza ku batire ndi belu loti liziwadzutsa akaanule nsomba.

Aphunzitsi a sayansi anali atamuuza bwinobwino za kachipangizo koika pakati pa tizitsulo ndi belu, kotchedwa geti. "Geti la OR limalola magetsi kudutsa ngakhale kanyowe kachitsulo kamodzi kokha. Geti la AND limadikira kuti tinyowe tonse tiwiri. Pa nsomba, uike la OR."

Anaikadi. Koma Loweruka lina, anzake atabwera kudzaona, kamwana ka oyandikana nawo kanathira madzi kachitsulo kamodzi, belu n'kulira dzuwa likuswa mtengo. Anamuseka mpaka kugwira nthiti. Pajatu Temwani ndi kusekedwa sankamwerana madzi. Tsiku lomwelo anachotsa la OR n'kuika la AND, osauza munthu.

Ndiye lero mvula inawaza masana onse iye ali m'kalasi, belu lili duu.

Temwani atapita kumapeto kwa thandala, anapeza beseni atalivundikira. Pansi pake panali kachitsulo kachiwiri kaja, kouma bwinobwino.

"Amayi, wavundikira apa ndani?"

"Ndine, mwanangu," anayankha osadzutsa mutu. "M'mawa ndinaona mitambo. Ndinati zamagetsi sizigwirizana ndi madzi, tikanyowa tonse tiwonongeka, bola kamodzi kakutsalire. Unavutika nato iwe. Paja unandiuza kuti kamodzi n'kokwanira."

Anawauzadi, masiku a geti la OR aja.

"Mwina sindinamvetse," anapitiriza mayiwo, akupukuta m'maso ndi chitenje. "Ife sukulu sitinapite. Ndakuonongera ntchito yako, undikhululukire."

Mtima wa Temwani unawawa koopsa. Akanakhala chete, nkhani ikanathera pompo, mlandu n'kutsalira mayi ake. Anaika beseni pansi, misozi ili m'masaya.

"Ayi, amayi, simunalakwe inu. Khalani pansi ndikuuzeni zimene ndinachita."