Nsanza pa Paipi ya Madzi

Atabwerako koika maliro a amayi ake, Mlonda anaona nsanza. Paipi ya madzi imene imachokera pansi n'kudutsa m'zipinda zonse za nyumba yosanjikizana ija inali yokulungidwa paliponse pamene imaonekera: pamasitepe, m'khonde, kuseri kwa zitseko za anthu. Masokosi akale, matewera, ngakhale mkono wa jekete. Sanazionepo kale, pakuti iye ankatuluka kukada n'kubwera m'mawa maso ali tulo tokhatokha.

"Tikuteteza dzimbiri," anatero Kapitawo, woyang'anira nyumbayo, maso ali pa makiyi ake.

M'nyumba imeneyo munalibe chinsinsi. Banja lonse limagona m'chipinda chimodzi, makolo kuseri kwa katani, ana pansi pa tebulo. Ukayetsemula, mnzako wa kuseri kwa khoma ndiye amapukuta mphuno. Anthu ankadziwa mwamuna amene wabwera ataledzera, ankadziwa mkazi amene akulira mobisa. Amayi ake a Mlonda atafa miyendo, mawu n'kutsala a manong'onong'o, mwana wawoyo anawakokera bedi pafupi ndi paipi, n'kuwapatsa supuni. Akafuna thandizo iye ali ku ntchito, azigogoda. Kiyi anasiyira mkazi wa telala, wa khomo loyandikana nalo.

"Pitani ku ntchito mtima uli m'malo, achimwene," onse anatero. "Amayi anu ndi amayi athu."

M'mawa umene anawapeza atazizira, anthu omwewo anamuuza kuti anapita ali m'tulo, mwakachetechete ngati khanda. Koma funso limodzi linkamudya ngati chiswe: kodi amayi anaitana?

Asanabwerere ku ntchito, manong'onong'o anayamba. Akazi potunga madzi ankadula nkhani iye akatulukira. Mwana wa wogulitsa makala anayamba kukodza pogona. Kenako mawu anamufika: paipi ikulira usiku. Ati magetsi akangozima, mawailesi atatonthola, kutatsala kulira kwa udzudzu ndi galimoto za kutali, chitsulo chimayamba kumveka. Poyamba pang'onopang'ono, ngati munthu wochita manyazi kudzutsa anzake. Kenako mofulumira. Kenako mofooka, kudukizadukiza, mpaka kukacha.

Anthu anawonjezera nsanza. Wina anamangapo bulangete lathunthu. Usiku wotsatira chinalira kuposa kale. Wosoka nsapato anatseka madzi onse pansi, n'kumasula paipiyo pakati, nayisiya yolekana kuti aone. Chinalirabe, pansi ndi pamwamba pomwe.

Mlonda sanamve kalikonse. Iye amene ntchito yake ndi kukhala maso ankangofika pa mphasa, pambali pa bedi lopanda munthu, tulo n'kumugwetsa ngati wamenyedwa chibonga.

Anamutchingira pamasitepe madzulo ena, abambo kutsogolo, akazi kumbuyo atagwira m'chiuno.

"Achimwene, maliro tinalira nanu," anayamba telala. "Nanga masewerawa ndi a chiyani?"

"Munalira kapena munabwerera tiyi?" anayankha Mlonda.

"Mwamumva? Akugogoda paipi ndi iyeyu ameneyu!" anakuwa telala.

Kapitawo anakweza dzanja. "Lero ndigona m'chipinda mwako, manja ako ndikuwaona. Chikapanda kulira, ndiye kuti ndiwe. Mawa katundu panja."

Anakhala awiri mumdima, kandulo pakati pawo. Mlonda anaika manja pa mawondo, nadziluma lilime kuti asagone. Kuseri kwa khoma mwana anatsokomola, wina anatembenuka pa bedi lolira. Madzi anadontha penapake. Kandulo inafupika.

Mwadzidzidzi Kapitawo anauma thupi. Anayang'ana paipi imene inali pafupi ndi phewa lake, n'kuyamba kukhwekhwerezeka chammbuyo mpaka msana unagunda chitseko.

"Wamva?" ananong'ona.

"Chiyani?"

"Usandiseweretse, mwanawe. Chili pompano!"

Mlonda anagwira paipi ndi manja onse awiri. Inali yozizira, yosagwedezeka. Anagunditsapo khutu. Zii. Komatu pansi pake nyumba yonse inali itadzuka: makanda akulira, zitseko zikumenyeka, wina akufuula pemphero, agalu a kumsewu akuyankha. Kapitawo anatseka makutu, misozi ikutsika pa ndevu.

"Ngati usiku uja," anabuula. "Chimodzimodzi ngati usiku uja."

Mlonda anamusiya pomwepo. Anatuluka m'khonde, napeza anthu atakhala pamasitepe, atafunda zofunda, ana ali pamiyendo. Palibe amene anamuyang'ana. Mkazi wa telala anali atatsamira khoma, zala zili m'makutu. Mlonda anagwada patsogolo pake n'kumuchotsa manjawo.

"Mlamu, usiku uti?"

Mkaziyo anayang'ana mwamuna wake. Telala anayang'ana pansi.

"Ankagogoda pafupipafupi, achimwene," anatero wogulitsa makala cha kumbuyo. "Mwina madzi akumwa, mwina pilo wagwa. Ife timadzukira ntchito. Tinangoti tichepetseko phokoso."

"Ndiye munamva."

Onse anadzidzimuka nthawi imodzi, ngati chitsulo chamenyedwa mwamphamvu pamwamba pa mitu yawo. Iye anangoona mapewa awo akunjenjemera.

Ukali umene anatuluka nawo unamuthera pomwepo. Anthu amenewa, amene anamanga amayi ake pakamwa ndi masokosi, ndiwo akuwamva. Iye amene anawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa, wangotsala ndi chete.

"Ndilowetseni kwanu," anapempha. "Mwina kumeneko ndikamva. Kamodzi kokha."

Anamulowetsa. Anadumpha ana, anadutsa katani, anang'amba nsanza zonse ndi mano ndi zikhadabo, nakanikiza khutu pa chitsulo mpaka linapweteka. Analowa chipinda china, ndi chinanso, mpaka pansi penipeni. Paliponse eni chipinda ankabisa nkhope, iye osamva kanthu.

Pobwerera anapeza mkazi wa telala ali pomwe paja.

"N'chifukwa chiyani ine ayi?" anafunsa. "Ndine mwana wawo."

Mkaziyo anapukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu. Mawu ake anali aang'ono.

"Sakuitana inu, achimwene. Ngakhale usiku uja sanaitane inu. Ankadziwa kuti muli ku ntchito."

Ku ntchitoko Mlonda sanabwererenso. Telala anasamuka mwezi usanathe, wosoka nsapato anatsatira. Otsala, amene alibe kopita, amayenda masana maso ali psuu ngati odwala malungo. Akakumana naye pamasitepe amamupatsa njira, iye osawapatsa moni. Usiku uliwonse amakhala pa bedi lija kudikira, akudzitsina, akudzithira madzi kumaso. Sizithandiza. M'nyumba yonseyo, iye yekha ndiye amagona mpaka dzuwa kutuluka.