Dzina la Delia pa Tiketi ya Boma

Foster anakulira m'nyumba yopemphera ku Mfuwe, m'boma la Mambwe. Atate ake, a Hosea, anali mmisiri wa matabwa komanso mkulu wa mpingo. Mnyamatayu atalembedwa ntchito pa ofesi ina ya boma, banja lonse linayamika Mulungu.

Chaka china ofesiyo inasankha anthu awiri kuti apite ku Kenya kukaphunzira njira zotetezera minda ku njovu. Anali Foster ndi mayi Gladys, mlangizi wa alimi. Malamulo anali omveka: tiketi igulidwe kwa ejenti wovomerezeka, mpando ukhale wa anthu wamba, ndipo akwere ndege okhawo amene boma lawatuma. Wotumiza mayina kwa ejenti anali Foster yemweyo.

"Ulendowu ndi wa alimi, si wako," anatero a Hosea. "Usakhudze chimene sunapatsidwe."

Koma Foster anali pa chibwenzi chobisa ndi Delia, wogulitsa mowa pafupi ndi msika.

"Ukwere ndege ndi mayi uja, ine nditsale?" anafunsa Delia. "Mayina ukulemba ndiwe. Ngati umandikonda, lemba langa."

Foster analembadi. Kwa mayi Gladys ananama kuti boma lachepetsa malo, ndipo mayiwo anatulutsa zovala m'chikwama osadandaula.

Ku Nairobi, maphunziro atangoyamba, mphunzitsi anati, "Mlangizi wa ku Mambwe atiuze mmene alimi ake amathamangitsira njovu."

Delia anaimirira, nangoti kukamwa yasa.  Masana omwewo mphunzitsiyo anaimbira foni ku ofesi ya Foster.

Atatsika ndege ku Mfuwe anapeza apolisi akuwadikira.

"Ine sindikudziwa kanthu, anandinyengerera ndi uyu," anatero Delia, osamuyang'ana n'komwe.

Ntchito ya Foster inatha. M'khoti, a Hosea anakhala kumbuyo, chipewa chili pa mawondo. Mayi Gladys ataitanidwa kuchitira umboni, anayankhula motsitsa mawu.

"Alimi anga ankayembekeza kuti ndibwera ndi nzeru. Sabata yatha njovu zamaliza chimanga cha mabanja ambiri. Ndipo mwanayu, tsiku lonyamuka, ndinamupempherera."

Foster analephera kudzutsa mutu mpaka anamutengera kundende.

Achinyamata, boma likakutumani, ulendowo ndi wa anthu amene mwawasiya kumudzi. Chilakolako chikakuuzani kuti ndi dzina limodzi chabe, dziwani kuti kuba kwayamba kale.