Fupa la pa Zenera

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma ndi chimenenso amuna anga, a Fanuelo, anamwalira. Anali mphunzitsi. Pobwera ku kosi ku Mangalande sanabweretse suti. Anabweretsa mwala wonga mbale, nati ndi fupa la msana wa chilombo chonga ng'ona ya zipsepse, chimene chinkasambira m'nyanja anthu asanakhaleko. Unkakhala pa zenera. Madzulo aliwonse ankaupukuta.

Pogawa katundu, abale anatenga njinga ndi wailesi. Ndinawalekera. Koma mlamu wanga Makisoni, msodzi wa ku Kachulu, analoza pa zenera.

"Alamu, chimenechi n'choitanira madzi. Tichikwirire pakati pa nyanja, matemba abwerere."

"Ichi chokha ayi," ndinatero.

Madzulo ake nditayatsa nyali, pa zenera panalibe kanthu. Ndinakhala pansi. Sindinalire.

Ndisanagone ndinamva chinthu chikukwekwereka pabwalo. Khwee. Chete. Khwee. Agalu onse anali duu. Chinakwera pakhonde chikupuma mwaphuma. Kenaka chinagogoda, osati pogogoda anthu, koma m'munsi, cha m'mawondo.

Masiku amenewo wogogoda usiku sankafunsidwa dzina. Ndinafufuza khadi la chipani, ndinaligwira m'manja, ngati kuti chilombo chingalifunse. Chinabuula. Sindinatsegule.

Kutacha ndinatsegula. Makisoni anali chogwada, manja pansi, matope mpaka m'makutu. Mwala unali pakhomo.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" ndinafunsa.

"Ndimangodutsa."

"Chokwawa?"

"Msana wagwira." Anayang'ana kumbuyo. "Nditangokwirira, nthaka inapuma. Ndinafukula msangamsanga. Poti ndiweramuke, zinakanika. Chandiperekeza njira yonse, alamu, pansi pa matope. Landirani katundu wanu."

Abale ake anamunyamula pa njinga ya malemu, atamugoneka chopingasa ngati thumba la mpunga.

Amayi Agnesi, oyandikana nane, anatsata mkwekwe wake mpaka ku gombe. Anabwera akunong'ona kuti mikwekwe inali iwiri, winawo waukulu ngati wa bwato. Ena amati mwini fupa anabwereka msana wa Makisoni poyembekeza wake. Ena amati ndi a Fanuelo, amene sankalola mwana kutuluka ndi choko.

Ine ndinaphunzira, ndikudziwa kuti msana umagwira munthu akafukula mothamanga. Ndinanyamula mwala kuti ndiupukute. Unali wonyowa, ukudontha madzi, mwezi wa Okutobala.

Ndinaubweza pa zenera, ndipo ndinaseka, koyamba chiikire maliro. Kenaka ndinatseka chitseko, kuti anthu asamve kulira kumene kunatsatira.